Cholembera cha Mwendo wa Desiki

Pa windo la chipinda changa pali kachidutswa ka mtengo wa mukwa, ka ngodya zinayi, kong'ambika mbali imodzi kuyambira pakati mpaka kumapeto. Mkati mwake muli bowo lomwe linayamba bwino koma linakatulukira m'mbali. Alendo akakaona amayesa n'kotchingira windo kuti mphepo isalimenyetse, ndipo sindiwatsutsa, poti ntchito imeneyo kamaigwiradi. Koma ukanunkhiza pong'ambikapo fungo lake likadalipo pang'ono, lotsekemera, loyabwa m'mphuno. Ine fungo limenelo limandibwezera ku Chinyunyu, m'mwezi wa mphepo, chaka chomwe ndinali mu giredi faifi.

Chaka chimenecho amalume anabwerako ku Lusaka. Anali mlongo wawo wa amayi, wamng'ono, munthu wosakonda zolankhulalankhula, woyenda ndi pensulo kukhutu ngakhale popita kutchalitchi. Kutauni ankagwira ntchito kwa akalipentala, kusema miyendo ya matebulo pa makina ozunguza mtengo. Malowo atatsekedwa anatsika basi pamsewu pathu ali ndi chikwama cha zovala, bokosi la matchizulo, ndi chitini chodzaza timachubu ta mkuwa tomwe ine poyamba ndinayesa zipolopolo. Amayi anawapatsa kanyumba ka kuseri, ndi miyendo ya makina osokera omwe mutu wake unafa kalekale. Sipanapite nthawi, miyendo ija inadzuka. Amalume anaimangirira thabwa pamwamba, lamba, ndi kachitsulo kozungulira, ndipo akamapondaponda, mtengo unkazungulira n'kumalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.

Ankapanga zolembera. Inali nthawi yomwe boma linali litangotsegula maofesi ku Rufunsa, ndipo pamsewu waukulu wa ku Chipata pankadutsa anthu achilendo, a malaya osita, omwe ankaima pa akasupe otentha kuti ajambulitse ndi kugula nthochi kwa amayi. Anthu oterowo cholembera cha mtengo chinkawakopa. Ankachitembenuza m'manja, kuchinunkhiza, kenako kuchikoleka pathumba la malaya kuti anzawo akachione. Mkati munali inki ya bolopeni wamba ya pagolosale, ndipo amalume sankabisa zimenezo. Ankati iwo amagulitsa chogwirira basi, kulemba n'kwa mwiniwake.

Tsopano ndinene za dzanja langa lamanja. Ndili mwana wokwawa ndinapisa dzanja m'madzi a kasupe, pamalo pomwe amatuluka pansi akutentha kwambiri, amayi akuchapa chapafupi. Ine sindikumbukira kanthu. Chimene ndinakula nacho ndi khungu losalala, lonyezimira, ndi zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, zomwe sizipindika mpaka kukakumana ndi chala chachikulu. Khasu ndinkagwira, chidebe ndinkatula ndekha, mpira wamanja ndinkasewera kuposa atsikana ambiri. Koma kanthu kowonda, singano kapena kamtengo ka machesi, kankandipulumuka. M'makalasi ang'onoang'ono ndinkakulunga pensulo ndi mphira wa njinga mpaka inenepe, ndipo zinkatheka poti zolemba zinali zochepa. Mu giredi faifi tinayamba bolopeni, ndipo bolodi linkadzaza, kufufutidwa, kudzazanso. Thukuta likabwera mphira uja unkaterereka papulasitiki. Ndinayesa lamanzere. Zilembo zinkatuluka ndithu, koma anzanga akamafika pansi pa bolodi ine ndinali ndikulimbana ndi mizere ya pamwamba. Chisanu cha mu Juni ndi Julaye chitafika zala zija zinkauma gwa, moti mabuku anga a temu imeneyo anali ndi masamba olembedwa pamwamba, oyera pansi.

Aphunzitsi athu anali mayi wachitsikana wochokera ku Lusaka, ndipo tinkawatchula kuti ba Ticha. Tsiku lotsekera sukulu anabwera okha kunyumba, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Anauza amayi kuti ndikayankha pakamwa ndimakhoza, koma mayeso olemba ndagwa pafupifupi onse.

"Uyu mwana ni wanzeru, amai. Vuto ni kwanja chabe. Manje tizachita bwanji?"

Amayi anati ngati dzanja lakana, lakana. Temu ikubwerayo ndizikakhala nawo pamsewu kugulitsa nthochi ndi tomato, kusiyana n'kuti ana azindiseka tsiku lililonse. Ba Ticha anayesa kuwachonderera, koma amayi anangowathokoza chifukwa choyenda, n'kuwamangira nthochi m'pepala. Kwa zaka zambiri ndinkawaimba mlandu amayi pa mawu amenewo. Lero ndikuona kuti sukulu sankadana nayo. Ankangofuna kundichotsa pomwe ankandiseka.

Holide itayamba ndinkakonda kukhala m'kanyumba ka amalume. Kunja mphepo ya Ogasiti inkanyamula fumbi ndi masamba ouma, pomwe mkatimo munali motentha bwino, ndipo pansi panali zipalapala za mtengo zopotana ngati tsitsi. Amalume sankandithamangitsa, komanso sankandifunsa mafunso. Tsiku lina masana ndinatola tchizulo chimodzi, n'kuchigwira kumpini kwake konenepa, n'kuyamba kulemba dzina langa pa utuchi wa pansi. Ndinkangosewera. Ndinazindikira kuti phokoso la makina lasiya.

"Sichikukupweteka?" anafunsa amalume.

Ndinati ayi. Anatsika pampando, n'kunjuta pafupi nane, n'kutenga dzanja langa m'manja mwawo. Analitembenuza uku ndi uku, kupinda chala chilichonse mpaka pomwe chinkathera. Anthu ambiri akaona dzanja limenelo ankathawitsa maso kapena kuyamba kudandaula. Iwo analiyang'ana momwe ankayang'anira thabwa asanalicheke.

Masiku otsatira anali oseketsa. Amalume ankandigwiritsa chilichonse chomwe achipeza: phesi la chimanga, mzimbe, chitsononkho, mpini wa mpeni, batire la tochi, kandulo. Chilichonse ankachimangirira kamsomali kunsonga n'kundiuza kuti ndilembe pamchenga. Phesi linali lowonda. Batire linali lonenepa kwambiri moti dzanja linkangolifumbata ngati mwala. Kandulo ndiye anandikwana, kungoperewera pang'ono. Amalume anamukulunga kansalu, ndinagwiranso, ndipo zala zija zinakhala pamalo pake popanda kuzikakamiza. Anazunguliza ulusi pamenepo n'kumanga mfundo. Ulusi umenewo anaupachika pamsomali, nati uwu ndiwo muyeso wa dzanja langa.

Pashelefu yawo panali zidutswa za mitengo zochekacheka kale, zonse za ngodya zinayi, zonse zofanana, zonenepa ngati chala chawo chachikulu. M'zimenezo ndi momwe munkatuluka zolembera za anthu a malaya osita aja. Amalume ankati kusankha chidutswa ndiye theka la ntchito. Chizikhala chonenepa kuposa cholembera chomwe ukufuna, chifukwa ngodya zonse zimachoka pozunguza. Chizikhala chotalika kuposa kachubu ka mkuwa kolowa mkatimo, kuti kumapeto kukhale podulira. Ndipo kuzungulira bowo kuzitsala mtengo wokwanira, apo ayi choboolera chimang'amba. Nthawi imeneyo ndinkangomva ngati nyimbo. Ndinadzamvetsa pambuyo pake, chifukwa chilichonse mwa zimenezi chinatichitikira.

Poyamba anatenga chimodzi mwa zidutswa za pashelefu zija, chomwe chinkaoneka chonenepa kuposa zinzake. Sanachiseme kwambiri, anangochotsa ngodya kuti chikhale chobulungira. Koma ngodya zitachoka, chotsalacho chinali chowonda kuposa momwe diso linkaonera. Ulusi uja unazungulira n'kutsala. Ndinachigwira, ndinalemba mawu ochepa, ndipo chinayamba kuvina m'zala monga bolopeni ija. Amalume anangochimaliza bwinobwino n'kuchigulitsa kwa dalaivala wina wa thiraki.

Chachiwiri anachicheka kuthabwa la mukwa lomwe ankasunga pansi pa bedi. Thabwalo linali longokwanira muyeso wa ulusi, popanda chotsala. Ankafunanso kuti cholembera changa chitalike, chizigona pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndiye bowo linafunika kupita patali. Choboolera chawo chinali chopukusa ndi dzanja. Chinalowa bwino, utuchi wofiira ukutuluka, fungo lili guu m'kanyumba monse. Chitapitirira pakati chinapatuka pang'ono osaoneka, ndipo tinangomva kuti thyo! Nsonga ya choboolera inasuzumira m'mbali. Amalume anachiyang'ana, anaseka pang'ono, nati, "Ndaumira mtengo." Anandipatsa kachidutswako, nati ndikasunge poti kanali kanga kale. Ndi komwe kali pa windo kaja.

Poopa kuumiranso mtengo, ulendo wachitatu anachita kupyola muyeso. Munthu wina wa njinga wochokera cha ku Shikabeta anawabweretsera chipika cha tsanya chouma, ndipo anachekapo chidutswa chachikulu ngati mkono wanga. Apa panalibe mantha ong'ambika. Koma tsanya ndi mtengo wouma mutu. Unabunthitsa matchizulo, ndipo amalume ankapondaponda mpaka thukuta kudontha pachibwano, kuima, kunola, kuyambanso. Mtengo wambiri unathera pansi ngati utuchi. Chomwe chinatuluka chinali chokongola zedi, chofiira moderako, chonyezimira ngati chapakidwa mafuta. Ndinathamanga nacho kwa amayi, omwe anali akusankha tomato pakhonde.

"Kamunsi aka n'kosinjira chiyani?" anatero amayi, n'kuseka mpaka kugwira m'mimba.

Aka kanali koyamba kuti aseke pa nkhani ya dzanja langa. Ndinaseka nawo, ndipo amalume nawonso anaseka ali pakhomo pa kanyumba kawo. Kamunsi kaja kankagwirika bwino ndithu, koma ndisanamalize tsamba limodzi mkono unali utatopa. Kunenepa kunali koyenera, kulemera ndiye ayi.

Choncho pankafunika mukwa, poti ndi wopepuka, koma wochindikala komanso wouma. Wauwisi unalipo m'tchire, koma amalume anakana, nati wauwisi umadzang'ambika wokha ukamauma. Anafunsa kwa akalipentala a pamsika, koma onse anali ndi matabwa opyapyala a zitseko. Masiku a holide ankatha. Mphepo inayamba kuchepa, masana kunayamba kutentha, ndipo mitengo ya m'mapiri inatulutsa masamba ake ofiira. Amayi anali atanditungira kale kachikwama komangira m'chiuno, ka anthu ogulitsa pamsewu. Ndikukumbukira kuti ndinkakaona kali pamsomali tsiku lililonse. Sindinkaopa ntchito ya pamsewu, ndinkaidziwa kale. Chimene chinkandiwawa chinali kuganiza kuti anzanga azidutsa m'mawa ndi mabuku, ine nditakhala pansi pa mtengo.

Anatipulumutsa ndi ba Ticha. Anali atabwerako ku Lusaka sukulu isanatsegulidwe, ndipo anaima pamsewu kugula tomato. Ndinawaonetsa kamunsi kaja n'kuwafotokozera zonse. Anakayeza m'dzanja, anaganiza pang'ono, nati kuseri kwa kalasi yathu kuli madesiki akale othyoka, aja a mtengo okhaokha, omwe akungodyedwa ndi dzuwa. Anakapempha kwa ahedi, ndipo mawa lake tinapita ndi amalume. Amalume anagogoda mwendo uliwonse ndi chala, kuupala ndi mpeni, kuununkhiza. Ina inali itadyedwa ndi chiswe. Umodzi unali wabwino, wonenepa, wotuwa kunja koma wofiira mkati, ndipo pambali pake mwana wina wakale anali atajambulapo galimoto ndi msomali. Ndinausenza pamutu ngati nkhuni, kudutsa pabwalo la mpira, ndikuyenda monyada ngati ndanyamula mphatso ya ukwati.

Ulendo uno amalume sanathamange. Anaika mwendo uja pathabwa n'kuuyang'ana momwe mizere yake inkayendera, kupewa pomwe panali mfundo ndi pomwe panalowa misomali. Anatenga ulusi uja n'kuyeza, kenako anawonjezera mbali zonse pang'ono, osati mowumira monga poyamba, osatinso mowononga monga pa tsanya paja. Kutalika anasiyanso kochuluka kuposa kachubu. Poboola ankalowetsa pang'ono, kutulutsa, ine kuuzira utuchi, iwo kulowetsanso. Choboolera sanachilole kutulukira kunsi. Anaima chisanafike kumapeto, n'kudula mbali yotsalayo ndi sowo, ndipo bowo linaonekera lili pakati penipeni, loyera, losang'ambika. Apo m'pomwe ndinamvetsa ntchito ya kutalika kowonjezera kuja. Anapaka guluu pakachubu, kukalowetsa, n'kuchiika padenga kuti chiume.

Tsiku lozunguza ndimalikumbukira kuposa masiku ambiri akuluakulu a moyo wanga. Dzuwa linkalowera pamng'alu wa chitseko, utuchi ukuyandama m'kuwalako. Ngodya zinayamba kuchoka ndi phokoso logogoda, kenako phokoso lija linasalala n'kukhala ngati mluzu. Amalume ankasema pang'ono n'kuimitsa.

"Gwira."

Ndinkagwira chikadali pamakina.

"Chikadali chachikulu, amalume."

"Chabwino. Pang'onopang'ono. Ndikachotsa sindingabwezere."

Tinachita zimenezo kambirimbiri. Ulusi uja sanauyang'anenso, muyeso tsopano linali dzanja lenilenilo. Nthawi ina nditagwira zala zinakhazikika pamalo pake, ndipo iwo anandiyang'ana kumaso n'kuika tchizulo pansi. Anasema kamphako kosaya pomwe pankagona zala zanga zouma zija, ndipo atachichotsa pamakina anapala mbali imodzi ndi mpeni kuti chala chachikulu chipeze pokhala. Kusalaza ndi sandipepa anandisiyira ine. Pomaliza anachipaka phula la njuchi n'kuchipukuta ndi kansalu mpaka mizere ya mtengo inatuluka, yofiira ndi yagolide. Kunena zoona sichinali chokongola ngati zomwe ankagulitsa zija. Chinali ndi mimba, chopendekeka mbali imodzi. Munthu wina aliyense akachigwira ankati chalakwika.

Amalume ndi amene analankhula ndi amayi, ine kulibe. Sindikudziwa zomwe anakambirana. Ndinangouzidwa kuti ndiyese temu imodzi.

Tsiku lotsegulira ana anachiseka, monga momwe ndinkayembekezera. Mnyamata wina anachitcha chinangwa, ndipo dzinalo linakhala. Koma pofika nthawi yopuma omwewo ankandipempha kuti achigwireko, kuchinunkhiza, kufunsa ngati amalume angawapangire chawo. Ba Ticha analemba bolodi lonse za mitsinje ya m'dziko lathu. Ndinayamba kukopera. Ndinkadikira kuti dzanja liyambe kupweteka monga mwa masiku onse, koma ululu sunabwere. Sindinamalize woyamba, ngakhale pakati sindinalipo. Koma pomwe ba Ticha ankatenga chofufutira, ine ndinali nditaika kadontho komaliza. Anadutsa pa desiki langa, anayang'ana tsambalo kuyambira pamwamba mpaka pansi, nati chapansipansi, "Manje tizayamba kuwerenga zamene uli nazo mu mutu." Zilembo zanga zinali zoipabe, ndipo mpaka lero anzanga kuntchito amadandaula nazo. Koma zinkafika pansi pa tsamba. Temu imodzi ija inatha, ina inabwera, ndipo nkhani yokhala pamsewu palibe anaitchulanso.

Loweruka lina la mwezi womwe tinatsegulira sukulu uja ndinali ndi amayi pamalo awo ogulitsira. Kunali kotentha, magalimoto ochepa, ndipo kafungo ka akasupe, konga ka dzira lowiritsa, kankabwera ndi mphepo. Amayi anang'amba chidutswa cha katoni ya tomato n'kundipatsa, nati ndiwalembere dzina lawo. Ndinadabwa, chifukwa amayi sankadziwa kuwerenga. Ndinalemba. Anati ndilembenso dzina la agogo, kenako la mudzi wathu, kenako la mudzi womwe iwo anabadwira, kenako nthochi, tomato, chilichonse chomwe chinali pamaso pathu. Ndinadzaza katoni yonse, ndikusamala chilembo chilichonse, ndikuyembekezera kuti andiyamikire. Nditakweza mutu ndinaona kuti sakuyang'ana pakatoni. Maso awo anali pa zala zanga.

Kenako anaimirira, nati ndiyang'anire katundu, akukasamba kumaso. Analowera njira ya ku akasupe. Anakhalitsa, moti basi ina inaima ndipo ndinagulitsa ndekha nthochi pawindo. Pobwera maso awo anali ofiira. Anati ndi nthunzi ya madzi aja, ndipo ine ndinakhulupirira. Ndinakwiyanso pang'ono mumtima kuti sananene chilichonse za kalembedwe kanga. Ndinali mwana. Ndinkaganiza kuti dzanja lija zaka zonsezo linkapweteka ine ndekha.